Sabata ikatha muziitseka, maola aganyu si ngongole ya pagolosale

A komiti nonse a masikimu ndi makopaletivi kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, lero za feteleza ndi ntchemberezandonda tiyambe taziika pambali, tikambeko za kalembedwe ka masiku a anthu aganyu poti ambirinu munasiya kabuku kamizere kaja mwayamba kulemba pa laputopu kapena pafoni.

Vuto ndimalipeza paliponse ndi limodzi, tsamba la maola limangokhala pululu chaka chonse, aliyense wodziwa pasiwedi atha kubwerera m'mbuyo nkuwonjezera tsiku. Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023 ndinali pa sikimu ina chakumunsiku anthu akuchotsa mchenga mu ngalande, ndiye patatha masabata atatu bambo wina anabwera kuti Lachinayi lija ine ndinalipo mwandidya tsiku, kapitawo akuti sindikukumbuka, kabuku kake kananyowa masamba anamatana, mlembi poopa phokoso anangolowetsa tsikulo. Kutacha anabwera ena anayi ndi nkhani yomweyo. Msungichuma anali atatumiza kale ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba, masamu osagwirizananso, mpaka nkhani inakafika kwa amfumu.

Mankhwala ake ndi kudula nthawi m'zigawo zotseka. Mapulogalamu ngati Microsoft Project Server ali ndi malo amene woyang'anira amaika tsiku loyambira, kutalika kwa chigawo, tinene masiku 7, ndi kuchuluka kwa zigawozo, ndiye pulogalamuyo imapanga yokha masabata onse 52 kamodzi, ndipo sabata ikatsekedwa palibe angalowetsemo ola. Ngati mulibe zimenezo musadandaule, pa Excel kapena Google Sheets mutha kupanga tsamba la sabata iliyonse nkulikhoma. Chachikulu zigawo zizigundana bwinobwino, ina ikatha Lamulungu inayo iyambe Lolemba, pasakhale tsiku lamasiye komanso tsiku limodzi lisapezeke m'masabata awiri.

Pamene ambiri mumaphonya mpa kusamuka penipenipo, kuchoka pa kalembedwe kakale kupita pa katsopanoka. Musasinthe Lachitatu chifukwa choti mwana wodziwa kompyuta wapezeka tsiku limenelo, ayi. Yambani mwaitana anthu onse, muwerenge masiku akale mokweza, otsutsa atsutse pompo, mulipire zonse zotsalira, kenako dongosolo latsopano liyambe Lolemba loyera. Komanso ine sindingakulangizeni kusamuka nthawi yowokera mpunga kapena kudula nzimbe kuli mkati, aganyu amakhala ambiri, mudzangosokonezeka.

Gwirizananinso kuti mukulemba chani kwenikweni. Kuno kwathu Okutobala akafika munthu amalowa m'munda 5 koloko m'mawa pofika 10 wathawa dzuwa, ndipo ambiri timalipira pa ndime osati pa ola, nde ngati pulogalamu ikufuna maola pangani chimodzi kuti ndime imodzi tiziilemba maola angati, zilembedwe mu maminitsi a komiti, asamaganize yekha mlembi.

Loweruka masana kapitawo awerenge maina pansi pa mtengo aliyense amve masiku ake, mlembi alowetse, wapampando aone nkuvomereza, Lolemba m'mawa khomani, kulipira kubwere pambuyo. Kiyi yotsegulira sabata yakale akhale nayo munthu mmodzi, asakhale mlembi yemweyo, ndipo akatsegula alembe chifukwa chake ndi tsiku. Kunena zoona ine ndimakonda kusatsegula nkomwe, wina akapezeka kuti anaiwalidwadi tsiku lakelo mulilembe mu sabata ino ndi mawu oti ndi lobweza la sabata yakuti.

Kabuku kapepala musakataye, netiweki ya kuno mukuidziwa, magetsinso akathima laputopu ili zii. Kapitawo azilembabe pamanja tsiku ndi tsiku, azikasunga mu jumbo, ndipo madzulo alionse ajambule tsambalo atumize pa gulupu ya WhatsApp ya komiti.