Momwe mungachitire kuti lamulo lopatsa apolisi mphamvu lisinthe

Kudandaula za apolisi mu minibasi kapena pa wailesi kumapepuza mtima, koma lamulo limasintha anthu akaloza gawo lenileni lomwe likuwapweteka.

1. Dziwani chomwe mukulimbana nacho

Siyanitsani kaye wapolisi wophwanya lamulo ndi lamulo loipa. Akakusungani m'chitokosi masiku osakutengerani kukhothi, kapena akakulipiritsani belo ya kupolisi, walakwa ndi wapolisiyo. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limati womangidwa akaonekere kukhothi pasanathe maola 48, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere. Nkhani yotere kaituleni ku Independent Complaints Commission, komiti yolandira madandaulo okhudza apolisi. Koma ngati lamulo lenilenilo ndilo likupereka mpata wa nkhanza, pezani dzina lake ndi nambala ya gawo. Ambiri mwa malamulowa ali mu Police Act ya 2010, Penal Code ndi Criminal Procedure and Evidence Code.

2. Sonkhanitsani umboni

Gulani kope. Lembanimo tsiku, nthawi, polisi yake, mlandu womwe analemba ndi ndalama zomwe zinatuluka m'thumba. Amene anamenyedwa asunge kalata ya kuchipatala. Munthu mmodzi amamunena kuti ngwachipongwe, koma mavenda a msika wonse akabwera ndi nkhani zofanana, nkovuta kuwakana.

3. Pezani okuyimirani

Mabungwe monga CHREAA (Centre for Human Rights Education, Advice and Assistance), Women Lawyers Association ndi Malawi Human Rights Commission ali ndi maloya odziwa nkhanizi.

4. Lemberani Law Commission ndi phungu wanu

Ambiri sadziwa kuti munthu wamba ali ndi ufulu wolembera Malawi Law Commission kupempha kuti iunike lamulo. Kalatayo ikhale yaifupi: gawo lakutilakuti likutipweteka motere, tikufuna lilembedwe chonchi. Kalata yomweyo, yosainidwa ndi anthu ambiri, ipite kwa phungu wa dera lanu ndi ku komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za malamulo. Phungu atha kufunsa nduna funso m'Nyumbamo kapena kubweretsa bilu yakeyake. Musamuuzire pa maliro basi, amaiwala. Mpatseni pepala ndipo musunge lina lodindidwa tsiku.

5. Khothi

Kuno kwathu njira iyi ndiyo yaonetsa zipatso. Mu 2015 apolisi ku Blantyre anamanga Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, ali pa ulendo wa kumsika wa Limbe mbandakucha. Mlandu wake unali wa vakabu, gawo 184(1)(c) la Penal Code, lamulo lochokera kwa atsamunda lomwe linkalola kumanga munthu pongomuganizira. Iye sanangopempha kuti amumasule. Mothandizidwa ndi CHREAA ndi Southern Africa Litigation Centre, anatsutsa lamulo lenilenilo, ndipo mu Januwale 2017 bwalo lalikulu linagamula kuti gawolo likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Amayi 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu omwe anachitidwa nkhanza ndi apolisi mu 2019 anapambananso mlandu wawo mu 2020. Konzekerani kudikira, milandu yotere siithera chaka chimodzi kawirikawiri.

6. Zionetsero, ngati zafunika

Lamulo limafuna kuti mudziwitse bwanamkubwa wa boma lanu, kapena mkulu wa khonsolo ya mzinda, kutatsala maola osachepera 48. Khalani ndi oyang'anira gulu anuanu, chifukwa sitolo imodzi ikathyoledwa, nyuzipepala zimalemba za sitoloyo, chikalata cha madandaulo anu osachitchula.

7. Londolozani

Komiti yolandira madandaulo okhudza apolisi ija inalembedwa m'lamulo mu 2010, koma komishonala wake woyamba anasankhidwa mu 2020. Lamulo likadutsa, funsani ngati bajeti yaika ndalama zake komanso ngati apolisi a kudera kwanu aphunzitsidwa za kusinthako. Funsani polemba kalata, potsamira lamulo la Access to Information, lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kuchokera ku boma, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020.