Kaonedwe koyenera ka sizoni yomaliza ya Peaky Blinders

Sizoni yachisanu ndi chimodzi ya Peaky Blinders, sewero la pakanema lomwe analemba Steven Knight, inayamba kuonetsedwa pa BBC One pa 27 February 2022 ndipo inafika pa Netflix mu June chaka chomwecho. Kuno ku Zomba ambiri akuionerabe tsopano, ena pafoni m'zipinda za ophunzira ku Chikanda, ena palaputopu ku Matawale, ndipo dandaulo lomwe limamveka kawirikawiri ndi lakuti nkhaniyo ikuyenda pang'onopang'ono. Vuto silili pa sewerolo ayi, koma pa kukonzekera kwa woonera.

Musanayambe, bwererani ku gawo lomaliza la sizoni yachisanu, ngakhale mukuganiza kuti mukulikumbukira. M'gawo limenelo Tommy Shelby, mtsogoleri wa gulu la zigawenga la Peaky Blinders, anakonza chiwembu chopha Oswald Mosley pamsonkhano wandale, koma wina anaulula chinsinsicho, anthu a Tommy anaphedwa, ndipo iye anatsala yekha m'munda atadziloza mfuti kumutu. Sizoni yomaliza imayambira pomwepo, kenako n'kudumpha zaka zinayi kufika mu December 1933. Amene waiwala zimenezi sangamvetse chifukwa chake Tommy wasiya mowa, kapena chifukwa chake Michael Gray, msuweni wa Tommy, akufuna magazi ake.

Pali chinthu chimodzi chakunja kwa sewerolo chimene muyenera kuchidziwa. Helen McCrory, yemwe ankasewera ngati Polly Gray, azakhali a ana a Shelby, anamwalira ndi khansa mu April 2021 asanajambule mbali yake, ndipo olemba anasankha kuti Polly amwalirenso m'nkhanimo. Choncho mwambo wa maliro wa m'gawo loyamba, pomwe banja likuima chete kwa nthawi yaitali ngolo yamatabwa ikupsa monga mwa chikhalidwe cha anthu a Chiromani, si sewero lokha, chifukwa anthuwo akulira mnzawo weniweni. Musathamangitse kanema pamenepo. Aliyense amene anaona banja likubalalika pambuyo poika m'manda mayi yemwe ankaligwira pamodzi adzazindikira zonse zotsatira: Arthur, mkulu wake wa Tommy, akumira m'mankhwala ozunguza bongo, Ada, mlongo wawo, akuyesa kudzaza mpando wa azakhali ake, ndipo palibenso wodzudzula Tommy iye n'kumva.

Mbiri yochepa ikuthandizani kwambiri. Dziko la America linaletsa kugulitsa mowa kuyambira 1920 mpaka pa 5 December 1933, ndipo chilumba cha Miquelon, cha dziko la France koma chomwe chili pafupi ndi Canada, chinalemera pozembetsa mowawo. N'chifukwa chake Tommy akafika pachilumbapo akupeza anthu okwiya omwe ntchito yawo yangotha kumene. Mosley anali munthu weniweni, yemwe anayambitsa chipani cha British Union of Fascists mu 1932, ndipo Diana Mitford, chibwenzi cha Mosley, nayenso analikodi. Hitler anali atatenga ulamuliro ku Germany mu January 1933. Koma banja la Shelby n'lopeka, ndipo gulu lenileni la Peaky Blinders linkavutitsa mu mzinda wa Birmingham cha m'ma 1890, kale kwambiri nthawi ya sewerolo isanafike. Musatengere mbiri ya m'kanemamu ku mayeso.

Za zipangizo n'zachidule. Magawo alipo asanu ndi limodzi, lililonse pafupifupi ola limodzi, kupatula lomaliza lomwe n'lalitaliko. Ndi bwino kutsitsa magawo onse pafoni nthawi imene netiweki ili bwino m'malo moonera mwachindunji pa intaneti, chifukwa bandulo ikatha kapena magetsi akathima pakati pa gawo, chidwi chimatha nacho. Tchajani zipangizo masana. Onerani usiku kapena mutseke makatani, popeza zithunzi zambiri za sizoni imeneyi n'zamdima ndipo kuwala kwa dzuwa kukagwa pagalasi la foni simuona kanthu koma nkhope yanu. Yatsaninso mawu olembedwa m'munsi, chifukwa Chingerezi cha ku Birmingham chimavuta ngakhale kwa amene anachiphunzira mpaka ku Chancellor College, ndipo Tommy amalankhula motsitsa mawu. Ana akhale atagona, pakuti muli kutukwana, zachiwawa ndi zakuchipinda.

Ine ndingalangize gawo limodzi pa usiku umodzi, osati onse tsiku limodzi. Magawo apakati, pomwe mwana wa Tommy, Ruby, akudwala chifuwa chachikulu, ndi amene amafuna mtima woleza. Pa nthawiyo mankhwala a matendawa omwe tili nawo lero kunalibe, ndipo madokotala akuyesa mankhwala opangidwa ndi golide, pomwe bamboyo akusiya mkazi wake Lizzie kuchipatala n'kukwera mapiri kukafufuza amene anatemberera banja lake. Woonera wa kuno safunika kumufotokozera mkangano umenewu, wa pakati pa chipatala ndi kukaombeza, ndipo m'maganizo mwanga apa ndi pomwe Cillian Murphy, yemwe amasewera ngati Tommy, wasewera bwino kuposa m'masizoni ena onse. Mbali ya Jack Nelson, mkulu wa zigawenga wa ku Boston, njofooka poyerekeza, ndipo musadandaule mukaona kuti sikukugwirani mtima.

Pomaliza, tetezani mathero. Pewani kufufuza dzina la sewerolo pa Facebook kapena YouTube mpaka mutamaliza, ndipo anzanu a pagulu la WhatsApp omwe anaonera kale muwauziretu kuti asunge pakamwa. M'gawo lachinayi tcherani khutu pa zonse zimene dokotala wa Tommy akunena, ndipo muisunge nkhope yake m'mutu, chifukwa mudzaifuna m'mphindi zomaliza za gawo lachisanu ndi chimodzi.