Kaoneredwe ka SheBelieves Cup, kuti musamangokuwa za zigoli basi

Choyamba muyenera kudziwa kuti mpikisano umenewu sumalowa chifukwa wapambana magemu ochotsana ayi, umachita kuitanidwa. Eni ake ndi bungwe la mpira la ku America, US Soccer, ndipo anauyambitsa mu 2016. Chaka chilichonse amasankha matimu atatu a mpira wa amayi kuti abwere kudzasewera ndi timu yawo, ndiye onse pamodzi amakhala anayi. Chaka choyambacho anaitana Germany, England ndi France. Ndiye mukaona timu yomwe mumaikonda kulibe musayambe kunena kuti yagwa, mwina sanangoiitana kapena inapita kwina monga ku Pinatar Cup ku Spain.

Yambani kusaka ndandanda wa magemu kumayambiriro kwa chaka, nthawi zambiri amasewera mu February kapena March, pa masiku amene FIFA imalamula makalabu kuti amasule osewera apite ku matimu a dziko. Apa pali kamsampha. America ndi dziko lalikulu ndipo nthawi yake si imodzi, nthawi ya kum'mawa (ET) ndi ya kumadzulo (PT) zimasiyana ndi maola atatu, ndipo magemuwa amayenda mizinda yosiyanasiyana, ndiye osangoona 7 koloko n'kutchera alamu, onani kaye tizilembo tapambali apo kenako foni ikuwerengereni nthawi ya komwe muli. Komanso amakonda kuika magemu awiri tsiku limodzi pa bwalo limodzi, choncho muzidziwa kuti yanuyo ndi yoyamba kapena yachiwiri.

Kawerengedwe ndi kophweka. Timu iliyonse imakumana ndi zinzake zitatu kamodzi kamodzi, kupambana mapointi 3, kulepherana 1, ndipo wokhala pamwamba watenga chikho, mapointi akafanana amayang'ana kusiyana kwa zigoli. Koma fufuzani chaka ndi chaka chifukwa mu 2024 anasintha, anasewera mu April ndipo anapanga semi fainolo ndi fainolo, America n'kuchotsa Canada pa mapenate.

Tsopano nkhani yeniyeni ndi iyi. Mukamaonera, maso anu asakhale pa chikho kwambiri, akhale pa kochi. Awa ndi magemu opimana mphamvu ongovekedwa chikho, ndiye makochi amabwera kudzayesa zinthu, mtsikana amene sanavalepo yunifomu ya dziko amamuponya mkati, wotseka kumbuyo amamuyesa pakati, golokipa wachiwiri amamupatsa gemu yonse. Tengani ndandanda wa oyamba 11 wa gemu yoyamba muufananize ndi wa gemu yachitatu. Amene akupezeka monsemo ndi amene kochi wawadalira, enawo akulemba mayeso. Ine pamenepa ndi pomwe ndimakondera mpikisanowu kuposa zigoli zenizenizo, umatha kuona timu ikumangidwa maso ako akuona.

Ndipo chonde musamalosere World Cup potengera zotsatira za kuno, mudzachita manyazi pagulu. Mu 2019 England ndi imene inatenga chikhochi pa nthaka ya America, miyezi ingapo kenako ku France England ndi America anakumana mu semi fainolo ya World Cup, America n'kupambana 2-1 mpaka kukatenga chikho cha dziko lonse. Mu 2023 zinatembenuka, America inatenga SheBelieves bwinobwino koma ku World Cup inatuluka mu ndime ya matimu 16, Sweden itaichotsa pa mapenate. Inde mu 2024 America anatenga kuno n'kukatenganso golide ku Olympics ya ku Paris, koma mwaona nokha kuti sizimayendera limodzi nthawi zonse.

Chinanso, musamaganize kuti eni mudzi amangodya okha chaka chilichonse, ngakhale kuti ambiri mwa makapuwa ndi awodi. Mu 2017 France inawathira 3-0 gemu yomaliza ndipo America inathera pansi penipeni pa tebulo. Mu 2025 Japan inawagonjetsa 2-1 ku San Diego n'kunyamula chikho, ndipo aka kanali koyamba kuti Emma Hayes aluze chiyambireni kuphunzitsa timuyi. Ndiye gemu yomaliza osagona nayo, amakonda kusungira tsiku limenelo mdani wolimba.

Mukaphonya gemu, ma highlights amapezeka pa YouTube, koma aja a mphindi zochepa amangokuonetsani zigoli, ndiye kaonenso ndandanda wa amene analowa ndi kutuluka komanso mphindi zake. Apo ayi mudzangotsala ndi nkhani ngati ya 2022 ija, pamene Meikayla Moore wa New Zealand anadzichinya yekha katatu chigawo choyamba chisanathe, America n'kupambana 5-0, ndipo aliyense amakumbukira zimenezo koma mufunse amene anasewera pakati tsiku limenelo, zii.