Hypnosis ndi chibaba cha fodya: zoyenera kudziwa musanalipire munthu

Abambo ena a kuno ku Mzuzu amene atopa ndi fodya akhala akundifunsa za njira yotchedwa hypnosis, imene amaiona pa mafoni awo ikutamandidwa kuti imathetsa chibaba tsiku limodzi. Funsoli ndi loyenera kuliyankha mosamala, chifukwa munthu amene wayesa kusiya kanayi kapena kasanu osatheka amakhala wokonzeka kupereka ndalama kwa aliyense womulonjeza chipulumutso chachangu.

Choyamba, hypnosis si matsenga, si ufiti, komanso si tulo. Dzinali linatchuka kudzera mwa dokotala wa ku Scotland, James Braid, m'zaka za m'ma 1840. Chimene chimachitika n'chakuti munthu amakhala pansi pamalo a phee, amapuma modekha, maganizo ake onse n'kulunjika pa chinthu chimodzi, ndipo ali mumkhalidwe umenewo amamva mawu amene mlangizi akumuuza mozama kuposa nthawi zonse. Sakomoka, amamva zonse, ndipo akafuna kudzuka amadzuka. Palibe amene angakulowetseni maganizo osiya fodya ngati inuyo mumtima simunatsimikize.

Kodi imagwira ntchito? Apa ndiyenera kulankhula mosapsatira. Mu 2019 bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wa zaumoyo, linaunika kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 14 pa nkhaniyi, ndipo silinapeze umboni wokwanira wosonyeza kuti hypnosis imaposa uphungu wamba kapena njira zina zothandizira munthu kusiya. Alipo ndithu anthu amene anasiya atayesa njirayi, ndipo sindikuwatsutsa, koma aliponso ambiri amene anabwerera ku ndudu patangopita masabata ochepa. Choncho amene akukuuzani kuti mukalipira mudzachira tsiku lomwelo akukulonjezani chimene sangathe kutsimikiza.

Chifukwa chake chili m'thupi. Nikotini wa mu fodya amafika ku ubongo m'masekondi osapitirira 20 munthu akangokoka utsi, ndipo ubongo ukazolowera umayamba kumufuna ngati chakudya. Mukasiya, masiku awiri kapena atatu oyambirira ndiwo owawa kwambiri: mtima umapsa msanga, tulo timasowa, njala imakula, maganizo sakhazikika. Zimenezi zimachepa pang'onopang'ono pa masabata awiri mpaka anayi. Mawu a mlangizi sangachotse nikotini m'magazi. Chimene angakhudze ndi mbali ina ya vutoli, imene ndi chizolowezi: ndudu ya m'mawa pamene chifunga cha mu Juni chakuta Katoto ndi Zolozolo, ndudu ya pa siteji podikira makasitomala a kabaza, chingambwe chopichira mukatha kudya nsima, ndudu yoperekeza mowa madzulo. Ambiri amati fodya amawatenthetsa thupi kukazizira, koma zoona zake n'zakuti nikotini amapanikiza timitsempha ta magazi, ndipo zala zimazizira kwambiri.

Pa mbali ya chizolowezi imeneyi ndi pamene ndimaona phindu, ndipo phindulo mungalipeze nokha kunyumba osalipira kanthu. Dokotala wa matenda a maganizo wa ku New York, Herbert Spiegel, ankaphunzitsa osuta kudziuza mfundo zitatu akakhazika mtima pansi: kuti fodya ndi poizoni m'thupi mwawo, kuti thupilo akulifuna kuti akhale ndi moyo, ndiponso kuti ali ndi udindo wolilemekeza ndi kuliteteza. Chimene ndimakonda pa njirayi n'chakuti sikuuza munthu kuti alimbane ndi fodya, koma kuti asamale thupi lake monga momwe kholo limasamalira mwana.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Khalani pampando pamalo opanda phokoso, tsinzinani, kokani mpweya pang'onopang'ono kudzera m'mphuno ndi kuutulutsa motalikirapo, kangapo konse, mpaka mapewa atagwa ndipo nsagwada zamasuka. Kenako nenani mfundo zitatu zija chamumtima m'chilankhulo chimene mumaganizira, kaya Chichewa, Chitumbuka kapena Chitonga, uku mukudziona m'maganizo mukukwera chitunda popanda kupuma mwaphuma, kapena mutanyamula mdzukulu wanu zovala zisakununkha utsi. Chitani zimenezi m'mawa, madzulo, komanso nthawi iliyonse chibaba chikabwera. Chibaba chimakwera n'kutsika chokha pa mphindi zochepa, ndiye ngati mwadutsa mphindi zimenezo muli phee ndi mpweya wanu, mwapulumuka ndudu imodzi. Musachite izi mukuyendetsa galimoto kapena njinga, kapena muli pamakina.

Ndikuchenjezanso kuti munthu amene ali ndi matenda a maganizo amene amamuchititsa kumva mawu kapena kuona zinthu zimene ena sakuona asayese hypnosis, ndipo wodwala khunyu ayambe wafunsa dokotala. Kuno tili ndi mwayi, chifukwa a St John of God amagwira ntchito ya umoyo wa maganizo ndi yothandiza anthu okodwa m'zizolowezi, ndipo chipatala chachikulu cha Mzuzu Central chilinso pafupi.

Njira imeneyi isayende yokha. Mu 2024 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo ake oyamba othandizira akuluakulu kusiya fodya, ndipo chimene linalimbikitsa ndi uphungu wa azaumoyo pamodzi ndi mankhwala monga varenicline, bupropion, cytisine, komanso chingamu kapena zomata pakhungu zokhala ndi nikotini wochepa. Funsani adokotala kapena a ku famase kuti ndi ati amene akupezeka ndiponso oyenera thupi lanu, makamaka ngati muli ndi vuto la mtima kapena ndinu mayi woyembekezera. Ngati muli ndi ndalama zochepa, ndi bwino kuziika pamenepa kusiyana ndi kuzitumiza kwa munthu wa pa intaneti amene simudziwa kumene anaphunzira.

Sankhani tsiku losiya mkati mwa masabata awiri akubwerawa, ndipo yambani kuyeserera kukhazika mtima pansi lisanafike, kuti thupi lizolowere. Usiku woti mawa lake ndi tsikulo tayani ndudu zonse, masamba a chingambwe, machesi ndi fodya wa pamphuno, pakuti kusinthira ku wa pamphuno si kusiya. Uzani akunyumba ndi anzanu a kuntchito kuti asakupatseni ngakhale mutapempha. Pa sabata yoyamba pewani kumowa, sinthani njira yodutsa pa kaokala kamene mumagulapo ndudu imodziimodzi, ndipo m'thumba muziyenda ndi mtedza wokazinga kapena kachidutswa ka nzimbe. Mukapezeka kuti mwasuta imodzi, musagule paketi. Lembani chimene chinakugwetsani, ndipo mukakambirane ndi azaumoyo sabata yomweyo.