Bzalani louro pakhomo, koma musamuthamangire

Alimi anzanga a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, timasamba touma tija timagula m'timapepala kuti tinunkhiritse nyemba ndi nyama ya mbuzi, tomwe timatchula kuti louro, mtengo wake ukhoza kumera pakhomo panu. Kwawo ndi kumaiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, ndipo akatswiri amautcha Laurus nobilis. Suyoyola masamba chaka chonse. Kumapiri kwathu kuno, komwe kumazizira mu Juni ndi Julayi, umakondwa. Kuchigwa cha Zambezi, monga mumzinda wa Tete, ku Moatize ndi ku Changara, dzuwa la Okutobala limawaula masamba ake, choncho kumeneko uikeni mumphika waukulu pakhonde, pomwe dzuwa limafika m'mawa mokha.

Mtengowu ndi wochedwa, ndipo wofuna ndalama za msanga abzale kabichi kudimba. Njere zake zimafuna kufesedwa zikadali zatsopano, komabe zimatha miyezi zisanamere. Ine ndimalimbikitsa njira yokwirira nthambi. Pamtengo wa mnzanu sankhani nthambi yanthete yomwe ili pafupi ndi nthaka, muipale khungwa pang'ono kunsi kwake, muiweramitse, mukwirire pomwe mwapalapo, nsonga ikhale kunja. Tsinikizani ndi mwala. Muzithirira, osaidula kufikira itagwira mizu, ngakhale papite chaka. Mphukira zotuluka patsinde nazonso zimagwira mukazikumba ndi mizu yake. Nthambi zodula za masentimita 10 mpaka 15 zimatheka m'timachubu ta mchenga pamthunzi, kungoti zambiri zimauma, ndiye dulani zochuluka.

Chomwe chimapha louro kwambiri ndi lowe. Musaubzale kudambo kapena padothi la makande pomwe madzi amadikha. Kumbani dzenje pamalo okwera, sakanizani dothi lapamwamba ndi manyowa owolerana bwino, wokerani mvula ikakhazikika mu Disembala. Phimbirani ndi udzu, koma usakhudze tsinde kuopa chiswe. Mbuzi nazo, mukuzidziwa, muutchingire.

Muzitembenuza masamba. Mukaona tizilombo tokhala ngati timamba tomatirira kunsi kwa tsamba, pamwamba pakuda ngati mwaye, nyerere zikukwera ndi kutsika, tsukani ndi madzi a sopo ndipo mudule nthambi zogwidwa kwambiri. Kudulira kumathandizanso kuti usatalike, chifukwa ukasiyidwa umatha kupitirira mamita 10.

Yambani kuthyola mtengo ukatha zaka ziwiri, masamba okhwima okha, osaukwezula. Yanikani pamthunzi, palichero, kwa milungu iwiri. Padzuwa amafiira ndipo fungo limathawa. Tsamba labwino limakhala lobiriwirako ndipo limathyoka kuti tswa. Sungani m'botolo lotseka. Mumphika wa banja tsamba limodzi kapena awiri akwana, ndipo muwachotse musanapakule, chifukwa safewa ndipo mwana akhoza kutsamwa nawo. Ena amaponya masambawa mu ufa kapena mumpunga kuti athamangitse anankafumbwe. M'chitini cha kukhitchini yesani, koma chimanga cha m'nkhokwe musachisiyire louro.

Chenjezo lalikulu ndi ili: pali mtengo wamaluwa ofiira kapena oyera wobzalidwa m'misewu ndi m'mabwalo, womwe pa Chipwitikizi amati loendro, musausokoneze ndi louro. Masamba ake ndi aataliatali, opyapyala, ndipo ndi poizoni woopsa kwa anthu ndi ziweto. Musanagule mbande, tikitani tsamba ndi zala, mununkhize. Ngati silikumveka fungo la louro wa mumphika, isiyeni, kapena mupite nayo kwa alangizi ku SDAE, ofesi yoona za ulimi ya m'boma lanu, akaione.