Kupalasa njinga m'mapazi a Livingstone, kuchoka ku Chikwawa mpaka ku Nkhotakota

Vomerani kaye zoti mapazi a David Livingstone simungawatsate ndendende. Mkulu uja sanayende pa tala, kwina anali pa sitima yake ya Ma Robert mu Shire, kwinako wapansi m'tinjira tomwe Amang'anja ndi Ayao ankayendamo kalekale iye asanabwere, ndipo anthu omwewo ndi amene ankamulozera kolowera. Ndiye ntchito yanu ndi kusankha malo amene anaimapo n'kuwalumikiza ndi misewu yoti njinga ingadutse, basi.

Yambirani kumwera muzilowera kumpoto. Si nkhani ya mbiri yokha ayi, ndi mphepo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, mukamalowera kumpoto umakukankhani kumsana koma mukautembenuza ulendowu mudzalira m'mbali mwa nyanjamo. Juni ndi Julayi ndiye nthawi yake. Okutobala ndi Novembala musayerekeze, ku chigwa cha Shire kumatentha kupitirira madigiri 40, dzinja nalo misewu yafumbi imasanduka matope okhaokha.

Poyambira pake ndi ku Chikwawa. Mu Januwale 1859 sitima ya Livingstone inakanika kupitirira mathithi a Kapichira, iye n'kuwatcha dzina la munthu wakwawo, Murchison. Lero mathithiwo ali ku Majete komwe kuli njovu ndi mikango, ndiye njinga muisiye pa geti mulowe pa galimoto, mitengo ya pa geti mufunsiretu musananyamuke.

Tsiku lovuta kuposa onse ndi loyamba lomwelo. Kuchoka pa mlatho wa Kamuzu kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 50 okha koma pali chikweza cha Thabwa, mukukwera mamita pafupifupi 1,000 ndi katundu kumbuyo. Nyamukani 5 koloko kusanatenthe, khalani kumphepete kwenikweni chifukwa malole otsika amabwera mabuleki akununkha, ndipo miyendo ikakana tsikani muzikankha, palibe amene akukupatsani mamalikisi. Ku Blantyre pumani tsiku. Dzinali ndi la kwawo kwa Livingstone ku Scotland komwe anabadwira mu 1813, koma mwini wake tawuniyi sanaione, mishoni inayamba mu 1876 iye atamwalira kale. Zosowa zonse za njinga mugule konkuno.

Kenako msewu wa M3 kulowera ku Zomba. Cha ku Namadzi mupatuke mupite ku Magomero, komwe Bishopu Mackenzie anakhazikitsa mishoni mu 1861 pamodzi ndi anthu amene anawamasula m'magoli a ukapolo. Anthu ambiri amangodutsa pamenepa, kwa ine ndi pamene pali nkhani yeniyeni ya ulendo wonsewu. Msewu wake ndi wafumbi ndipo Google Maps kumeneku imasocheretsa, funsani akabaza pa siteji, iwo amadziwa kuti mlatho uti unathyoka, njira iti ili ndi mchenga. Mukafika musangotulutsa foni n'kuyamba kujambula, pezani kaye akuluakulu apamudzi muwapatse moni, munene chimene mwadzera. Masiku akakhalapo tsikiraninso ku nyanja ya Chilwa mbali ya Kachulu, Livingstone anafika kunyanjayi mu Epulo 1859 ali ndi mnzake wapaulendo John Kirk.

Liwonde, Ulongwe, mpaka Mangochi, uku n'kosavuta, msewu ndi wathyathyathya. Cha kumeneku ndi komwe anaionera nyanja ya Malawi mu Seputembala 1859. Ku Cape Maclear, dzina lomwe anapereka polemekeza mnzake Thomas Maclear, kuli manda a amishoni a Livingstonia yoyamba ya 1875, kamsewu kolowera kumeneko kali ndi timapiri tosautsa koma pitani ndithu. Pobwerera mudzere ku Golomoti mugwire M5, Salima, mpaka ku Nkhotakota pa mkuyu womwe Livingstone anakambirana ndi Jumbe, mtsogoleri wa ogulitsa akapolo kumeneko, zosiya malondawo. Jumbe sanasiye, malondawo anapitirira mpaka m'ma 1890. Ulendo wonse ndi makilomita cha m'ma 600, mukamapalasa 60 kapena 70 patsiku n'kumapumako, masabata awiri akukwanirani.

Njinga isakhale yapamwamba kwambiri. Yachitsulo, ya matayala a mainchesi 26, yamagiya, chifukwa ikathyoka wowotcherera wa pa msika uliwonse ailumikiza ndipo tayala lake mulipeza pena paliponse, pomwe zinjinga zodula zija zikafa ku Golomoti mwagona pomwepo. Tengani machubu awiri, zigamba ndi guluu, pampu, masipoko angapo, waya wa mabuleki, mafuta a tcheni ndi masipanala. Katundu apite pa kaliyala osati kumsana, ndipo muyeserere kaye kupalasa ndi katunduyo kwa masabata angapo, matako azolowere chishalo.

Madzi malita osachepera 4, muzidzaza pa mjigo n'kuthiramo WaterGuard, mapaketi a Thanzi asasowe m'chikwama. Neti ndiye osaiwala, malungo ndi amene anapha Mackenzie mu 1862 cha ku Chiromo ndipo udzudzu wake sunasamuke. Mu Shire osasamba, ng'ona. Kunyanja pewani madzi odikha a m'mabango, muli likodzo. Ndalama ikani pa Airtel Money kapena Mpamba koma zina zikhale m'thumba zosinthasintha, mayi wogulitsa nthochi sasintha 5,000. Kogona maresitihausi alipo pa matauni onsewa, dzuwa likakulowerani pamudzi pemphani malo kwa amfumu musanakhome tenti, ndipo usiku pa M5 osapalasa.

Ofuna kukafika kwa Chitambo ku Zambia komwe Livingstone anafera mu 1873, umenewo ndi ulendo wina, wofuna pasipoti ndi masabata ena angapo, mudzaukonze paokha.