Musalange galu amene wabwera mutamuitana

Pamene mukuphunzitsa galu kubwera akaitanidwa, musamukalipire kapena kumumenya akafika, ngakhale atachedwa kwambiri. Galu amagwirizanitsa chilango ndi chinthu chomaliza chimene wachita, choncho amaona ngati walangidwa chifukwa chobwera kwa inu, ndipo tsiku lina adzazengereza. Yambirani pamalo opanda phokoso, galuyo ali pa chingwe chachitali, ndipo mumuitane kamodzi kokha ndi mawu omwewo nthawi zonse. Akangofika, mupatseni kachakudya nthawi yomweyo, kenako mumulole abwerere kukasewera. Mfundo yomalizayi ambiri amaiiwala, komatu ndi yofunika kwambiri, chifukwa galu amene amangoitanidwa pofuna kumutsekera amayamba kuthawa. Kwa kagalu kakang'ono, mphindi 5 kawiri pa tsiku ndi zokwanira.